Chidulo cha agogo ndi potashi wa ku esiteti

Mawu akuti potashi amamveka ngati a anthu a sukulu zapamwamba, koma kwawo n'kukhitchini basi. Anachokera ku mawu awiri a Chingerezi, lina lotanthauza mphika, lina phulusa. Kale azungu ankanyika phulusa la nkhuni m'madzi, n'kuphwetsa madziwo pamoto mpaka mumphika mutatsala mchere wotuwa. Inu a pagulu lino, ameneyo si m'bale wake wa chidulo chathu?

Ine ndinakulira ku Thyolo, m'mudzi wochita malire ndi minda ya tiyi. Agogo anga ankaumitsa makoko a nthochi ndi zitsononkho, n'kuziwotcha. Phulusalo ankaliika m'chitini choboola kunsi, n'kuthiramo madzi. Madzi odontha pamenepo ndiwo ankafewetsa chigwada ndi therere, ndipo soda wa kugolosale ankangomunyogodola. Mchere umene umagwira ntchitoyo akatswiri amautcha potassium carbonate. Ndi womwewo anthu akale ankauphika ndi mafuta popanga sopo. Mu 1807, ku London, Humphry Davy anadutsitsa magetsi mu potashi n'kupezamo chitsulo chofewa chomwe anachitcha potassium. Chilembo K chili pathumba la feteleza wa NPK chimaimira chimenecho.

M'mbewu, potashi amathandiza timabowo ta masamba kutseka ndi kutseguka, kuti madzi asamangotayika dzuwa likaswa mtengo. Amalimbitsanso phesi. Tsono taganizani za tiyi. Dengu lililonse limene wothyola amapita nalo kusikelo limanyamula potashi amene mizu inayamwa m'nthaka, ndipo tiyiyo akakwera sitima sabwereranso. Munda ngati wa Satemwa wakhala ukuthyoledwa kuchokera zaka za m'ma 1920. N'chifukwa chake maesiteti amabwezera ndi feteleza. Potashi wambiri wa m'matumbamo amakumbidwa m'migodi ya ku Canada, Russia ndi Belarus, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022 mtengo wake unakwera, ife kuno tinamva kupweteka.

Chimene chimandiwawa ndi timinda tathu ta kuseri kwa tiyiyo. Malo ku Thyolo ndi ochepa, ndime imodzimodziyo timailima chaka ndi chaka osaipumitsa. Kwa zaka zambiri tinkathira 23:21:0+4S, ndipo ziro ameneyo ankatanthauza kuti potashi mulibe ngakhale pang'ono. Wa masiku ano wa 23:10:5 aliko bwino, koma ndi angati akukwanitsa thumba?

Pamenepo phulusa la pamafuwa tikukalitaya kudzala m'mawa uliwonse. Silingalowe m'malo mwa feteleza yense ayi, komanso musalisakanize ndi yureya, limamuthawitsa mphamvu. Tiyi salifuna chifukwa amakonda nthaka yowawasa. Koma paphando la nthochi, panyemba ndi padimba, phulusa n'chakudya. Kwanuko mumalitaya kuti?