Makonde ndi Mabwalo a ku Livingstone

LIVINGSTONE. Munthu wocokera ku Chipata akafuna kufika kuno amayenda makilomita oposa 1,000, kupyola Lusaka, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo. Akatsika basi m'mwezi wa October, cimene cimayamba kumlonjera ndi dzuwa, pakuti mathithi a Mosi-oa-Tunya akali kutsogolo makilomita ngati 10. Dothi la kuno ndi mcenga wokhawokha, ndipo masana umaocha kumapazi ngati phulusa la pamoto. Pacifukwa ici mlendo sacedwa kuona kuti anthu a mzinda uno sakhala m'nyumba masana. Amakhala pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, kapena kuseri kwa cipupa kumene kwagwa mthunzi.

Mzindawu sunayambire pamene uli lero. Azungu oyamba, monga Frederick Clarke amene anafika mu 1898, anamanga m'mbali mwenimweni mwa Zambezi, pa dooko lochedwa Old Drift. Malowo anali abwino pa malonda popeza katundu yense ankaolokera pamenepo, koma anali acinyontho ndi odzala udzudzu. Malungo anapulula anthu ambiri, ndipo manda ao alipobe mpaka lero m'nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya. Mu 1905, caka cimene mlatho wa njanji unatha kumangidwa pa Zambezi, anthu anasamutsidwira pa mtunda wa mcenga kutali ndi mtsinje. Kumeneko ndiko kunakula mzinda umene unakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira mu 1911 kufikira mu 1935, pamene ulemuwo unapita ku Lusaka.

Amene anapulumuka ku Old Drift sanaiwale phunziro lao. Nyumba zakale zimene zatsala pafupi ndi mseu wa Mosi-oa-Tunya zili ndi madenga a malata okwezeka, zipinda zazitali m'mwamba kuti mpweya wotentha uzikwera, ndi makonde otakata, ena ozungulira nyumba yonse. Makonde ambiri ankachingidwa ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono kuti udzudzu usalowe. Pakhondepo ndi pamene banja linkadyera, kulandirira alendo, ngakhale kugona usiku wa cilimwe. Dzuwa silinkafika pa cipupa, motero m'kati munkazizira popanda makina ena alionse.

Nzeru imeneyi atsamunda anaisungira okha. Anthu akuda amene ankagwira nchito pa njanji, m'maofesi a Boma ndi ku kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills anaikidwa m'makomboni monga Maramba, kutali ndi mayadi a Azungu. Tinyumba tao tinali tating'ono, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo tambiri tinamangidwa poganizira mwamuna mmodzi amene adzabwerera kumudzi nchito ikatha. Mpaka mu 1948 ndi pamene lamulo linakakamiza olemba nchito ndi oyang'anira matauni kupezera anchito nyumba zokhalamo pamodzi ndi akazi ao. Madzi ankatungidwa pa pompi imodzi, zimbudzi zinali zogawana.

Komabe anthu anabwera ndi mudzi wao m'mutu. Alozi, Atonga, Aleya eni dziko, Aluvale ndi Anyanja anadzala mitengo, nasesa pabwalo, nasandutsa mpata wa pakati pa nyumba kukhala malo ophikirapo, ocapirapo ndi oweruzirapo timilandu. Pa pompi yomwe ija, imene inaikidwa pofuna kucepetsa ndalama, ndi pamene mai wacilendo ankaphunzira cilankhulo ca mnzace ndi kumva kumene kuli odwala kapena maliro.

Woyenda m'Maramba, m'Libuyu, m'Linda kapena m'Dambwa lero adzaona kuti bwalolo lili pa nkhondo. Mu 1996 Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Cinali cinthu cokondweretsa kuti munthu akhale ndi pace, koma eni nyumba ambiri, poona kuti nchito za m'mafakitale zacepa, anayamba kumanga tizipinda ta lendi kumbuyo ndi m'mbali. Palibe angawadzudzule, pakuti lendiyo ndiyo imalipirira ana sukulu. Koma pali mapuloti ena pamene mtengo unagwetsedwa, zitseko zinayang'ana ku cipupa, ndipo mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi akulimbirana cimbudzi cimodzi ndi cingwe cimodzi coyanikapo zobvala. Pamalo otere mbaula imayatsidwa pakhomo penipeni, utsi ulowa m'cipinda ca mnansi, mwana alibe posewerera, ndipo mkangano wa m'mawa umafika madzulo usanazime.

Pali mapuloti enanso a ukulu womwewo pamene mwini anaganiza asanaitane mmisiri. Zipinda anazindandalika m'mphepete, zitseko zonse zikuyang'ana pakati, mtengo anausiya, pompi anaiika poonekera ndi kukumba kangalande kuti madzi asadikhe ndi kuswetsa udzudzu. Mai akapita ku msika wa Maramba, mwana wace amakhala m'maso mwa anthu onse. Wodwala akapanda kutuluka m'mawa, citseko cotseka cimaonedwa dzuwa lisanakwere. Njerwa zace ndi zomwezo, malata ndi omwewo, ndalama zolowa pa mwezi mwina zacepako ndi cipinda cimodzi, koma alendi a pamenepo sasamukasamuka.

Nkhani iyi imalemera koposa munthu akafika pa nyumba yosungiramo okalamba ya Maramba, imene ili m'manja mwa Boma. Ena mwa agogo amene akhala akusungidwa kumeneko ndi anthu amene anacoka kwao ali anyamata, ena kucokera m'maiko oyandikana nafe, nagwira nchito zaka zambiri osabwerera, mpaka njira ya kumudzi inamera udzu ndipo owadziwa anatha. Amalandira cakudya ndi pogona, ndipo a mipingo ndi anthu ena acifundo amabwera kudzaceza nao. Koma bedi ndi nsima sizitha kumcotsa munthu msunamo. Nkhalamba imene maondo afooka siingayende mtunda kukafuna anzace. Ngati mthunzi uli kutali ndi citseko, kapena pakhomo pali masitepe, kapena palibe pogwira popita ku cimbudzi, idzagona m'cipinda tsiku lonse ikuyang'ana malata. Ngati khonde lili pafupi ndipo likuyang'ana kumene kumadutsa anthu, idzatuluka, idzasewera nsolo, idzatsutsana ndi mnzace za mvula ya caka cino.

Owerenga a kum'mawa akuzidziwa bwino zimenezi, ngakhale kuti mwina sanaziike m'mau. Makolo athu ankamanga gowelo la anyamata, ndipo atsikana ankagona ku kuka kwa agogo ao. Motero mai wokalamba sankagona yekha. Anali ndi womtungira madzi ndi womkolezera moto, iye nawapatsa nthano ndi miyambo. Nyumba zinkayang'ana pabwalo, nkhokwe zili poonekera. Masiku ano m'midzi yambiri ya ku Katete, Petauke ndi Chadiza mukumera nyumba za njerwa zoocha ndi malata, zomangidwa ndi ndalama za fodya, thonje ndi soya kapena zotumizidwa ndi ana a m'tauni. N'zokongola ndithu, koma zina zilibe khonde, zafulatira bwalo, ndipo kanyumba ka agogo katsala kokha kumapeto, kuseri kwa khola.

Dzuwa likapendeka ku Livingstone, mabasi a alendo amabwerera kucokera ku mathithi kunka ku mahotela. M'Maramba amai amayamba kutulutsa mbaula, ana akucokera ku sukulu, ndipo mthunzi wa mango umatalika mpaka kukhudza citseko ca nyumba yoyandikana nayo. Amuna amakokera mipando yao kumeneko, osafunsa kuti mtengowo unadzalidwa pa puloti ya yani.