Musanasese m'kompyuta, dziwani disiki yanu

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti makina akuchedwa. Ambiri amene angoyamba kumene kugwiritsa ntchito kompyuta amafika atauzidwa kale kuti mankhwala ake ndi defrag. Ine ndimati tiyambe taona mtundu wa disiki, chifukwa defrag imachiza nthenda imodzi yokha.

Disiki ya HDD ili ndi timbale tozungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi, ndi kamkono koyenda pamwamba pake kowerenga zolembedwa. Mukamasunga ndi kufufuta mafayilo, mipata imatsala apa ndi apo, ndiye fayilo yatsopano imaduka nthulinthuli n'kulowa paliponse pamene pali malo. Kamkono kaja kamatha nthawi kutolera zidutswazo, ngati munthu wokunkha chimanga m'munda wokololedwa kale. Defrag imangoziika pamodzi. Siifufuta kanthu, siiwonjezeranso malo. Koma disiki ya mtundu wa SSD ilibe mbale ngakhale kamkono, ndipo imapeza chidutswa chilichonse mwachangu kulikonse kumene chili. Kuikakamiza kusamutsa mafayilo pafupipafupi n'kungoitopetsa, popeza timaselo take tili ndi malire a kulembedwa. Imene imaithandiza ndi TRIM, njira yoiuza malo amene sakugwiranso ntchito, yomwe inalowa mu Windows 7 m'chaka cha 2009.

Wina anganene kuti malaputopu ambiri ogulidwa atagwiritsidwa kale ntchito akadali ndi HDD, choncho defrag ndi yofunikabe. N'zoona, koma kuyambira pa Windows Vista makina amadzichitira okha ntchitoyi sabata iliyonse. Chanu n'kutsegula Optimize Drives, muone ngati disiki yalembedwa kuti ndi HDD kapena SSD, komanso tsiku limene inakonzedwa komaliza. Winanso amadalira timapulogalamu taulere tolonjeza kuyeretsa zonse mukangodina kamodzi. Timeneto ndimatikana, chifukwa tina timafufuta zinthu mu registry, mmene Windows imasunga malangizo ake, ndipo a Microsoft eniake salimbikitsa zimenezo. Kulakwitsa mzere umodzi mmenemo kungachititse kuti pulogalamu ikane kutseguka.

Kusesa kwenikweni n'kosavuta, ndipo kamodzi pamwezi n'kokwanira. Yambani mwakopera zithunzi ndi makalata ofunika pa fulashi kapena pa disiki ina, chifukwa chofufutidwa molakwika sichibwerera nthawi zonse. Kenaka lowani mu Downloads, muchotse mafilimu oonera kale ndi mafayilo obwereza, mukhuthule Recycle Bin, ndipo Disk Cleanup kapena Storage Sense ichotse zotsalira zosakhalitsa. Pomaliza dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, muone mu Task Manager mapulogalamu amene amadzuka okha makina akamayaka, muzimitse amene simuwafuna. Nthawi zambiri kuchedwa kumabisala pamenepo. Ndimaumirira dongosolo limeneli chifukwa mwini kompyuta akadziwa chimene akuchotsa ndi chifukwa chake, makina amakhalitsa, ndipo ntchito yake siitayika.