Kwa mwana wanga wopita ku Beira

Dera la 25 de Setembro, Moatize

Mwana wanga,

Kalatayi ndaiika m'chikwama chako pansi pa bulangete, chifukwa ndikamayankhula nawe umangoti "ndamva, amayi" maso ali pa foni.

Azakhali ako a ku Zóbuè anaimba usiku wa Lachitatu akulira. Msuweni wako ali m'chitolokosi. Anamugwira ndi katundu wa eni ake panjira ya m'tchire yodutsira ku Mwanza. Mabwana onse aja ankadzitama nawo, amene ankati akangowaimbira chipata chimatseguka, lero mafoni awo sakupezeka. Sindinagone. Ndinakumbukira mmene unkamuyang'anira pa Khirisimasi akuwerenga makwacha ndi mametikali pakhonde pano, iwe n'kunena kuti ameneyu ndiye munthu wamphamvu. Mawu amenewo akundiwawabe mumtima.

Mphamvu ija inali yobwereka, mwana wanga, ndipo eni ake aitenga tsiku limene aifunira.

Ine ndinawoloka pa Zóbuè pomwepo mu 1986, ndili kamtsikana, tikuthawa nkhondo. Agogo ako anasiya mbuzi, nkhokwe, zonse. Ananyamula sowo ndi mpini wa kasemasema basi. Ku Mwanza anayamba kukhoma zitseko ndi mipando, ndipo akati "Loweruka", Loweruka chitseko chinkafikadi. Anthu ankawalipiriratu. Tinadya za manja awo mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Palibe msilikali kapena wa pachipata amene akanawalanda luso limenelo. Iwe waphunzira zamagetsi. Uzilumikiza waya aliyense ngati m'nyumbamo mudzagona mwana wako. Akakuuza kuti "ingomangani, palibe adzaone", ukane, ngakhale akuseke. Msuweni wako anayamba ndi kamtolo kamodzi kamene "palibe adzaone".

Ndipo usadzione ngati ndiwe wochepa chifukwa ulibe galimoto. Unali wamng'ono pamene tinachoka ku Chipanga kubwera kuno, malo athu atasanduka mgodi wa malasha, anzathu ambiri n'kupita ku Cateme. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme aja, alimi wamba, anakakhala panjanji ya Sena chifukwa cha nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Sitima ya malasha yopita ku Beira komwe ukupitako inaima. Ena anagwidwa ndi apolisi, koma nkhani yawo inamveka mpaka kunja kwa dziko, ndipo nyumba zinayamba kukonzedwa. Analibe ndalama, analibe bwana wowaimbira. Anali ndi chilungamo, anali ogwirizana, ndipo anaima masana, nkhope zawo zikuoneka. Msuweni wako ankayenda usiku, yekha. Ndani amuimira lero? Amayi ake okha, ndi kaphukusi ka nsima pakhomo la apolisi.

Choncho upeze anzako amene ungawaonetse kwa ine osachita manyazi. Uziwathandiza usanawafune.

Uzigona m'neti, udzudzu wa ku Beira si wamasewera. Usamasiye chitupa chako. Kutchalitchi uzipita. Bambo ako chifuwa chija chachepako, ngakhale fumbi la malasha silikutha pa zovala. Mlongo wako wakhoza, ndipo nkhuku ija yaswa.

Ndikudziwa kuti ukufuna kutitumizira ndalama msanga, umange mpanda, anthu aone. Msuweni wakonso ankafuna kufolera nyumba ya amayi ake ndi malata. Cholinga chake sichinali choipa, n'chifukwa chake ndikuopa. Chonde, mwana wanga, mwezi ukavuta usatumize kanthu, sitifa ndi njala. Munthu akakupatsa katundu woti umusungire kudoko, kapena pepala loti usaine usanawerenge, undiimbire kaye, ngakhale pakati pa usiku. Usandibisire. Ndakugwira mwendo, usandibisire.

Ndine amayi ako.