Kanyale Kacikasu Sikanama

Galimoto zambiri zocokera ku Japan zili ndi kanyale kacikasu kolembedwa ABS. Kamayaka poliza injini, ndipo posacedwa kamazima. Kakapanda kuzima, ndiye kuti cipangizo coletsa mawilo kuuma pomanga mabuleki caleka kugwira nchito. Cipangizoci cinayamba kufala m'caka ca 1978, a Bosch atacimanga m'galimoto za Mercedes-Benz.

Mlimi wina wa ku Chongwe, atatula matimati pa msika wa Soweto mu Lusaka, anapempha mkulu wokonza galimoto kuti angocotsa babu la kanyaleko. Mkuluyo anakana. Anayamba wayang'ana fyuzi ndi mafuta a mabuleki, kenaka anavula mawilo limodzi-limodzi. Pa wilo lakumbuyo anapeza kacida kowerenga liwiro katamatidwa matope, waya wake ataduka. Atakapukuta ndi kulumikiza wayayo, kanyale kanazima kokha.

Zoonadi mabuleki amagwirabe popanda ABS, koma pa tara wonyowa mawilo akauma, galimoto imatsetsereka osamvera ciongolero. Inu onyamula anthu ndi mbeu, kaonetseni galimoto zanu mvula ya November isanagwe.