Kuyesa pulogalamu pamodzi ndi database yake: za ku Britain ndi za ku Malawi

Integration test ndi mayeso oona ngati zigawo za pulogalamu zikumvana zikamagwira ntchito limodzi. Pa pulogalamu yosunga zinthu mu database, monga ya malipiro kapena ya kaundula wa odwala, mayesowa amatumiza pempho ku pulogalamuyo, amaisiya kuti ilembe mu database yeniyeni, kenako amawerenga zomwe zalembedwazo n'kuona ngati zili m'malo mwake. Unit test imasiyana nawo chifukwa imayesa kachigawo kamodzi kokha, ndipo m'malo mwa database imaika choyerekezera chongoyankha zomwe wolemba khodi anachiuza kale. Choyerekezeracho sichikana kanthu. Database yeniyeni imakana: imakana nambala ya risiti yobwerezedwa, imakana malipiro a kasitomala yemwe kulibe, imakananso mawu olembedwa pofunika deti. Phindu la integration test lagona pa kukana kumeneku.

Kayendetsedwe kake n'kofanana kulikonse. Choyamba pamakonzedwa database yopanda kanthu. Pa iyo pamayendetsedwa ma migration onse, omwe ndi mafayilo omanga ndi kusintha matebulo motsatana, pogwiritsa ntchito Flyway, Liquibase kapena zida za Django ndi Rails. Kenako pamalowetsedwa deta yochepa yofunika pa yeso limenelo basi, yeso limayenda, ndipo database imayeretsedwa kuti yeso lotsatira lisapeze zotsalira.

Kuyeretsako ndiye kofunika kukuganizira bwino. Njira yachangu ndiyo kuika yeso lonse mkati mwa transaction imodzi n'kuibweza pomaliza, monga imachitira TestCase ya Django. Vuto lake n'lakuti zomwe zalembedwa sizitsimikizidwa, choncho njirayi singaonetse zomwe zimachitika anthu awiri akalemba pa mzere umodzi nthawi imodzi. Mayeso otero amafuna kuti deta ilembedwe zenizeni, matebulo afufutidwe pambuyo pake. Izi zimachedwa. PostgreSQL ili ndi njira yachitatu: munthu amamanga database imodzi yachitsanzo, ndipo lamulo la CREATE DATABASE ndi TEMPLATE limaikopera mwachangu nthawi iliyonse ikafunika yatsopano.

M'makampani ambiri a mapulogalamu ku Britain, ntchito yonseyi imachitika yokha. Docker, yomwe inatuluka mu 2013, imadzutsa PostgreSQL kapena MySQL ya mtundu womwewo womwe uli pa seva ya makasitomala, ndipo Testcontainers imachita zimenezi kuchokera mkati mwa mayeso momwemo, n'kuizimitsa akatha. Wolemba khodi akapereka zosintha zake kuti anzake azione, GitHub Actions kapena GitLab CI imayendetsa mayeso onse, ndipo limodzi likalephera zosinthazo sizilowa. Deta ya anthu enieni saiyandikitsa ku mayeso, makamaka chiyambire lamulo loteteza deta la GDPR mu 2018, amapanga yongopeka. Si zonse zabwino kumeneko. Popeza makina ndi intaneti sizivuta, mayeso amachuluka mpaka kumatenga nthawi yaitali, ndipo yeso lolephera mwa apo ndi apo ambiri amangoliyendetsanso mpaka lidutse, osafufuza chomwe chikulivuta. Chizolowezi chimenechi n'choopsa, chifukwa nthawi zina yeso lotero limakhala likuulula vuto lenileni la mapempho awiri ofika limodzi.

Ku Lilongwe ndi ku Blantyre luso lilipo, chosiyana ndi mtengo wa zipangizo. Kutsitsa image ya Docker ya database ndi zina zoyendera limodzi kumadya mamegabaiti mazanamazana, ndipo kwa wogwira ntchito pa bandulo yake imeneyo ndi ndalama. Magetsi akazima, laputopu yonyamula Docker ndi database imamaliza batire msanga. Ma seva obwereka kunja amalipiridwa mu madola, omwe ndi osowa, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakweza mabilu oterowo tsiku limodzi. Magulu ambiri ndi a anthu ochepa, othamangitsidwa ndi tsiku lopereka ntchito kwa mwini pulojekiti. Zikatere, ena amayesa pamanja podina mabatani, ena amayesa pa SQLite pomwe seva ili ndi PostgreSQL, ndipo ena amakopera database ya makasitomala pa laputopu.

Njira ya SQLite imanyenga chifukwa mayeso amadutsa bwinobwino. Koma SQLite siikakamiza ma foreign key pokhapokha ataitsegulira, imalola mawu kulowa m'danga la manambala, ndipo LIKE yake sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono za Chingerezi, pomwe ya PostgreSQL imasiyanitsa. Zomwe seva idzakane mawa, mayeso azivomera lero. Chothetsa vutoli sichifuna madola: PostgreSQL ndi yaulere, imaikidwa kamodzi pa laputopu, ndipo imayenda popanda intaneti ngakhalenso popanda Docker. Mu ofesi, kompyuta imodzi yakale yokhala pa inveta ikhoza kusunga ma image a onse ndi kuyendetsa mayeso a gulu lonse.

Kusiyana kwakukulu pakati pa maiko awiriwa kuli pa zomwe mayeso ayenera kufunsa. Zitsanzo za m'mabuku ndi deta yongopeka ya kunja zimaganizira munthu wa dzina losavuta, deti lobadwa lodziwika ndi intaneti yosaduka. Pulogalamu yolandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba iyenera kukonzekera uthenga wotsimikiza malipiro wofika kawiri kapena mochedwa netiweki ikavuta. Yeso lake limatumiza uthenga womwewo kawiri, komanso kawiri nthawi imodzi, n'kuona ngati mu tebulo mwalowa malipiro amodzi okha. Chomwe chimateteza apa ndi unique constraint pa nambala ya malipiro, ndipo palibe choyerekezera chomwe chingasonyeze kuti ilipodi. Ndalama zisungidwe mu NUMERIC, osati mu float, kuti matambala asamasochere powonkhetsa.

Mayina nawo ali ndi misampha yawo. Ng'oma ndi M'bwana ali ndi apositirofi yomwe imaswa SQL yolumikizidwa mosasamala, ndipo chilembo ŵ cha mu Malaŵi chimasanduka chizindikiro chachilendo pa tebulo la MySQL lomwe linasiyidwa pa latin1. Nambala imodzi ya foni imalembedwa poyamba ndi 0, ndi 265 kapena ndi +265, ndipo ikapanda kuyanjanitsidwa munthu mmodzi amakhala atatu mu kaundula. Kuchipatala kumabwera agogo odziwa chaka chokha, n'chifukwa chake pulogalamu ya zipatala ya OpenMRS ili ndi danga losonyeza kuti deti lobadwa n'longoyerekeza. Zipatala za kumidzi zimalemba popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo, choncho mayeso ayenera kuonetsa chochitika wodwala mmodzi akalembedwa m'malo awiri.

Nthawi imavutitsa mbali zonse, koma mosiyana. Ku Britain mawotchi amasintha mu Malichi ndi mu Okutobala, ndipo mayeso amasamala za ola losowa ndi ola lobwerezedwa. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse, koma seva yoikidwa pa UTC imawerengera malipiro a pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku ku tsiku ladzulo, lipoti la tsiku n'kusemphana ndi la banki.

Kukopera database ya makasitomala kuti ayesere n'kosayenera ngakhale kukuoneka kosavuta. Laputopu imabedwa m'minibasi, ndipo mkati mwake mumakhala mayina, manambala a foni ndi zotsatira za magazi za anthu omwe sanavomere. Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza deta ya anthu mu 2024, ndipo woliyang'anira ndi MACRA. Deta yoyesera iyenera kukhala yopeka, yolembedwa m'khodi ya mayeso momwemo, yokhala ndi mayina, manambala ndi madeti a mtundu womwe pulogalamuyo idzakumane nawo ikafika kwa anthu.