Mawu ako akamadutsa pakamwa pa wina

Kuno kwa Malengachanzi palibe amene amatsatira baseball. Pa doko anthu amakangana za Bullets ndi Nomads, mwinanso za Arsenal, ndipo ukatchula Los Angeles Dodgers ena ayesa ndi dzina la bendi. Koma pali nkhani imodzi ya masewerawa imene ndikufuna tikambirane, chifukwa ngakhale idachitikira kutali, fungo lake ndi la konkuno. Ndi nkhani ya Shohei Ohtani, katswiri wa ku Japan, ndi munthu amene ankamumasulira.

Kwa amene simunaonepo baseball, nkhani yake ili motere: wina amaima pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba mwamphamvu, ndipo mdani wake, atagwira chibonga, amayesa kukamenya kuti kapite kutali. Osewera ambiri amadziwa chimodzi, kuponya kapena kumenya. Ohtani amachita zonse ziwiri, ndipo zonsezo mwaukatswiri, zomwe anthu adaziona komaliza nthawi ya Babe Ruth, zaka pafupifupi 100 zapitazo. Mu December 2023 adasaina kontrakiti ya zaka 10 ndi Dodgers, ya madola 700 miliyoni. Musavutike kuziika m'makwacha, mungodwala mutu.

Koma mnyamatayu adapita ku America mu 2018 asakudziwa bwino Chingerezi. Adapita ndi Ippei Mizuhara, amene adadziwana naye mu 2013 ku timu ya Nippon-Ham Fighters ku Japan komweko. Mizuhara sankangomasulira pamaso pa atolankhani ayi. Ankamuyendetsa pa galimoto, kumunyamulira chikwama, kuponyerana naye mpira pokonzekera, komanso kulankhula m'malo mwake ndi makochi, maloya ndi a banki. Ukaona Ohtani, pambali pake pali Mizuhara. Anthu ankawasirira kuti chibwenzi ndi chimenechi.

Pa 19 March 2024, timu ili ku Seoul kukatsegulira ligi, Mizuhara adacheza ndi mtolankhani wa ESPN kwa mphindi 90. Adati iye ali ndi ngongole za juga, ndipo Ohtani, mwa chifundo chake, adamulipirira madola 4.5 miliyoni kwa munthu wina woyendetsa juga mosaloledwa ku California. Mneneri wa Ohtani nayenso anali atanena zomwezo. Tsiku lotsatira nkhani idatembenuka: maloya a Ohtani adati kasitomala wawo waberedwa, ndipo Mizuhara adabweza mawu ake onse. Dodgers idamuchotsa ntchito.

Apa ndiye padayambira phokoso. Kwa milungu itatu, ma TV, nyuzipepala ndi masamba a mchezo adamudya Ohtani wamoyo. Mafunso ake anali omveka ndithu. Munthu ungabedwe ndalama zonsezo osadziwa? Nkhani ingasinthe bwanji usiku umodzi ngati palibe chobisa? Ena ankati wa juga ndi Ohtani yemweyo, Mizuhara wangosenzetsedwa mtanda. Pete Rose, amene adamuletsa baseball mu 1989 chifukwa chobetcha, adaponya nthabwala yoti naye akadakhala ndi womasulira nthawi yake bwenzi atapulumuka. Anthu adaseka, nthabwalayo idayenda.

Chimene ambiri sadaime kuti achiganizire ndi ichi: nkhani yoyamba ija, yoti Ohtani adalipira yekha, siidachoke pakamwa pa Ohtani. Mneneri akafuna kumva mbali ya Ohtani, ankafunsa kudzera mwa Mizuhara, yankho n'kubweranso kudzera mwa Mizuhara yemweyo. Wakuba ndi amene ankafotokoza maganizo a wobedwa. Pa 20 March, masewero oyamba atatha, Mizuhara adaimirira m'chipinda cha osewera n'kuvomera mu Chingerezi kuti ali ndi vuto la juga. Ohtani anali momwemo, koma panalibe womumasulira, poti womasulirayo ndi amene anali kulankhula. Malinga ndi zomwe adafotokoza yekha pa 25 March, adangotolako pang'ono kuti china chake sichili bwino, ndipo zonse adakazimva ku hotelo, atakhala awiriwiri. Tangoganizani, anthu onse m'chipindamo akumva za ndalama zako, iwe mwini wake wekha ndiye ukungoyang'ana milomo.

Pa 11 April boma la America lidatsegula mlandu, ndipo zomwe ofufuza adapeza zinali zoposa zomwe atolankhani ankaganiza. Ndalama zobedwa zinali pafupifupi madola 17 miliyoni. Mizuhara ndi amene adaperekeza Ohtani kukatsegula akaunti ku Arizona mu 2018. Patsogolo pake adasintha nambala ya foni ndi imelo za akauntiyo n'kuikapo zake, ndipo ankaimbira banki akudzitcha kuti ndi Ohtani, maulendo pafupifupi 24. Akauntanti ndi ejenti wa Ohtani, amene sankadziwa Chijapani, adauzidwa ndi Mizuhara kuti bwana sakufuna aliyense aziona akaunti imeneyo, ndipo adakhulupirira. Pakati pa December 2021 ndi January 2024 adabetcha maulendo pafupifupi 19,000. Ofufuza adawerenga mauthenga ambirimbiri a pafoni pakati pa awiriwa, osapezamo kuti Ohtani ankadziwa kanthu. Mizuhara adavomera mlandu mu June 2024, ndipo pa 6 February 2025 adagamulidwa kukakhala kundende miyezi 57.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza bwanji za anthu a mamiliyoni? Mesa dziko lathuli limayenda ndi omasulira. Ku Nyumba ya Malamulo amakambirana mu Chingerezi. Kukhoti woweruza amalemba mu Chingerezi, ndipo mlimi wa mpunga amene ali m'kabokosi amadalira kalaliki kuti mawu ake afike momwe wawanenera. Buku la kuchipatala, fomu ya ngongole, uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama zalowa, zambiri mwa izi zimabwera m'chilankhulo chimene amayi athu ambiri sachiwerenga. Ngakhale mbiri ya ndale zathu ili ndi womasulira pakati. Kamuzu Banda atafika pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ankalankhula ndi anthu ake mu Chingerezi. A John Msonthi ankamumasulira, kenako a John Tembo. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachitira msonkhano wake waukulu konkuno ku Nkhotakota, ndipo khamu lomwe lidasonkhana lidamva mtsogoleri wake kudzera pakamwa pa munthu wina. Kusiyana kwake n'kwakuti Kamuzu Chichewa ankachimva. Akuluakulu amakumbukira kuti womasulira akaphonya liwu, ankamudula pomwepo n'kumukonza. Ohtani analibe mwayi umenewo, ndipo anthu ambiri kuno alibenso.

M'mudzi mwathu muli mayi wina amene mwana wake ali ku Joni. Mnyamatayo ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, koma mayiyo sawerenga, ndiye foni inkasungidwa ndi mdzukulu wawo wa Fomu 3. Iye ndi amene ankadziwa PIN, iye ndi amene ankapita kwa ejenti, iyenso ndi amene ankayankha mavoisi a pa WhatsApp, ati agogo foni imawavuta. Akatumiza 60,000, agogo ankalandira 25,000 ndi uthenga woti kunjaku zinthu zavuta. Zotsalazo zinkathera kobetcha mpira pa boma. Ku Joni nako kunkapita uthenga wake: agogo alandira, akuthokoza kwambiri.

Chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi si ndalamazo zokha. Ndi mbiri imene idayenda. Pa mjigo, pa thandala loyanikira usipa, ngakhale pa maliro, anthu ankati mwana uja wakwatira mkazi wa kumeneko ndipo waiwala amake. Denga la mayiyo likudontha, aliyense ankaloza ku Joni. Ifenso a mafoni tidali atolankhani a nkhaniyo, tikuitumiza uku ndi uku, ndipo gwero lake linali limodzi, mdzukulu uja. Zidaululika mnyamatayo atabwera pa Khirisimasi n'kufunsa kuti, “Amayi, nanga malata ndinatumizira ndalama aja ali kuti?” Mayiyo adangoti kukamwa yasa. Pambuyo pake sadafune kuti nkhaniyo ipite kwa amfumu. Adati, “Ndi mwana wanga yemwe, ndikamutengere kuti?” Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Ndiye funso lija loti munthu angabedwe bwanji osadziwa, ine silindivuta kuyankha. Amabedwa chifukwa zenera lokhalo limene amaonera dziko ndi munthu amene akumuberayo. Ndipo amene amachita zotere nthawi zambiri sakhala mlendo. Amakhala amene adakuthandiza zenizeni, kwa zaka, mpaka unasiya kufunsa. Mizuhara adagwira ntchito yake bwino nthawi yaitali, n'chifukwa chake palibe adamukayikira.

Apa mpamene nkhaniyi imatifika ife amene tidapita kusukulu. Ukangobwera ndi digiri kumudzi, ntchito uli nayo kapena ulibe, umasanduka womasulira wa mtundu wonse. Amalume amabwera ndi kalata ya ngongole ya injini ya boti, azakhali ndi pepala la kuchipatala, oyandikana nawo ndi uthenga woti awina mphoto. Amakupatsa foni, n'kukuuza nambala yachinsinsi mokweza ngati akukuuza dzina la mwana. Amakuyang'ana kumaso ukamawerenga, chifukwa nkhope yako ndiyo kalata imene iwo angathe kuwerenga. Mphamvu imeneyo ndi yaikulu kuposa momwe timaiganizira. Sipafunika kuba kuti uiwononge. Kungodumpha mzere umodzi poti ndi wovuta kufotokoza, kapena kufewetsa mawu a dokotala kuti agogo asadandaule, wayamba kale kuwasankhira chimene adziwe pa moyo wawo womwe.

Atolankhani nawo ndi omasulira, amaima pakati pa ife ndi zinthu zimene sitidazione. Pa nkhani ya Ohtani, ESPN idachita bwino kusatulutsa nkhani yoyamba ija payokha, idalemba zonse ziwiri ndi momwe zidasinthira. Koma ochuluka amene adaitola pambuyo pake adathamangira kuweruza munthu amene anali asanalankhule n'komwe, ndipo kukhala chete kwake adakuwerenga ngati umboni. Chigamulo chitatuluka, si onse adabwerera kukafufuta zomwe adalemba. Mpaka lero ukalowa m'makomenti upeza ena akuti Ohtani adagula chilungamo.

Mizuhara atachoka, kochi wa Dodgers, Dave Roberts, adanena kuti zinthu zayamba kuyenda bwino, poti tsopano osewera ndi makochi ankalankhula ndi Ohtani mwachindunji, popanda woima pakati nthawi zonse. Chaka chomwecho cha 2024, asakuponya chifukwa cha opaleshoni ya chigongono, adakhala woyamba m'mbiri ya ligiyo kumenya ma home run oposa 50 ndi kuba ma base oposa 50 m'chaka chimodzi, ndipo timu yake idatenga World Series.

Sindikunena kuti tisiye kuthandiza abale athu, kapena kuti iwo asiye kutikhulupirira. Ndikunena kuti womasulira wabwino amasiya khomo lotsegula. Ukawerengera amalume kalata ya ngongole, itananso wina awerenge iwo akumva. Ndalama zikalowa, awonetse agogo manambalawo, poti ambiri amene sawerenga mawu, manambala amawadziwa bwino, adagulitsa nsomba moyo wawo wonse. Aphunzitse kudina PIN okha, ngakhale zitenge mwezi. Wa ku Joni akaimba, apatse foni alankhule okha, iwe utuluke panja. Ndipo nkhani ya munthu ikakufika pa gulu la WhatsApp, usanaitumize dzifunse kaye kuti mwini wakeyo walankhulapo, kapena tonse tikungomva kwa mdzukulu wosunga foni.