NSHAWA ZINANDIPHUNZITSA KULEMBA

Mdzukulu wanga wamkazi ali mu Giredi 10, ndipo afuna kudzakhala katswiri wa sayansi ya zaulimi. Masamu amawadziwa bwino, koma Cingelezi amaciyesa cotayitsa nthawi. Tsiku lina madzulo ndinamkhazika pansi pakhonde ndi kumuuza zimene zinandigwera ine m'caka ca 1978.

Pa nthawiyo ndinali wothandiza pa munda wina woyeserapo mbewu kuno kum'mawa. Nchito yanga inali kuyang'anira nshawa za Chalimbana. Dzinja limenelo matenda a khate analowa m'ndime zathu. Ndinaona ndi maso anga kuti nshawa zimene tinabzala mothithikana ndi mvula yoyamba zinapulumuka, pamene zobzalidwa mocedwa ndi motalikana zinapinimbira, masamba ali acikasu ndi opotana. Cifukwa cake ncakuti tinsabwe timene timafalitsa matendawa timakonda kutera m'munda momwe nthaka ioneka pakati pa mbewu.

Mkulu wa nchito anandiuza kuti ndilembe lipoti m'Cingelezi. Ndinacezera usiku wonse pa kanyali ka palafini, ndipo ndinadzaza masamba awiri. M'mawa mwace iye atawerenga anandifunsa kuti, "Ndi ndime iti imeneyi? Inabzalidwa tsiku liti? Zinadwala zingati mwa zingati?" Ndinasowa coyankha. Masiku sindinawalembe, ciwerengero ndinali nditaiwala, ndipo mau anga anali osokonezeka kotero kuti sanadziwe ngati ndikunena za ndime yodwala kapena yopulumuka. Lipotilo silinatumizidwe ku Lusaka. Thukuta la dzinja lonse linapita pacabe, ndipo mwai wa maphunziro apamwamba unagwera mnzanga amene anali kudziwa kuyala mfundo zace.

Pamenepo ndipo ndinazindikira kuti m'sayansi, cimene munthu waona koma osacilemba bwino ciri ngati cimanga cosiyidwa kumunda: aciswe ndiwo amakolola. Anzako amafuna kuwerenga zimene unacita, abwerezenso okha, aone ngati ziri zoona. Ndinagula kabuku, ndipo tsiku liri lonse ndinali kulemba tsamba limodzi, mnzanga uja nkumandikonzera. Safunsa anadya phula.

Sindikunena kuti titaye Cinyanja cathu, iai. Mlimi wa ku Katete kapena ku Chadiza amamva uphungu m'cinenero cace, ndipo katswiri wosadziwa kulankhula naye ndi wopunduka. Koma mabuku a sayansi, malangizo a pa botolo la mankhwala ophera tizirombo, ndi malipoti a ku Msekera ndi ku Mount Makulu, zonsezi ziri m'Cingelezi. Ngakhale Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, imafuna kuti wolowamo akhale atakhoza bwino Cingelezi pa mayeso a Giredi 12, ngakhale akhale wodziwa masamu cotani.

Makolo anzanga, m'mera mpoyamba. Mgulireni mwana kabuku ka iye yekha. Azilembamo tsiku limene mvula yagwa, tsiku limene mwabzala, ndi matumba amene mwakolola, poyamba m'Cinyanja, kenaka m'Cingelezi. Akuwerengereni zolembedwa pa thumba la feteleza ndi kukumasulirani.

Mdzukulu wanga anamvetsera osanena kanthu. Koma dzulo ndinapeza kabuku pa mphasa yace. Pa tsamba loyamba analemba tsiku limene tinabzala nshawa, ndi ciwerengero ca mizere imene yamera.